Msewu, Masiteji, Basi

Uthengawo unafika Lachinayi m'mawa, Wamapu ali mkati moika denga pa siteji yomaliza. Anali atakhala pa ntchito imeneyi masabata asanu ndi awiri, msana utauma gwa, ndipo dzulo lake anali atatumiza zithunzi kwa mwini ntchitoyo ndi mtima wa munthu wodikira kuyamikiridwa. Mwini wakeyo, namwino wa pachipatala chachikulu, anayamikiradi. "Achimwene, muli ndi manja! Ndazindikira mpaka mtengo wopendekera wa pamlatho uja." Kenako panabwera kamzere kena kakafupi: "Nanga basi ija mwafika nayo pati?"

Wamapu anawerenga kawiri. Basi iti?

Ndiyambe ndafotokoza ntchito ya munthuyu, pakuti ngakhale apongozi ake mpaka lero amakhulupirira kuti amangosewera. Pali gemu ya pakompyuta yoyendetsa basi. Umakhala pa chiwongolero, kuima pa masiteji, kunyamula anthu, kusunga nthawi. Amene anaipanga anaikamo misewu ya kwawo, yosalala bwino, yopanda ndi dzenje limodzi lomwe. Ndiye pali anthu ena amanja oyabwa amene amawonjezeramo zawo: msewu wa kwanu, sitolo ya pakona, chikwangwani chopindika chija. Chowonjezeracho amachitcha modi. Ambiri amapanga mamodi mwaulere, kungokonda chabe, koma Wamapu anaganiza zoti adyerepo. Dzina lakelo anamupatsa ndi anzake a m'gulu la pafoni la osewera gemuyi, anthu mazana anayi, chifukwa pa nkhani ya misewu ndi mapu panalibe wofanana naye.

Miyezi isanu yapitayo anasiya ntchito kushopu yosindikiza ya mlamu wake. Anapangana ndi mkazi wake kuti ayesere miyezi isanu ndi umodzi. Mamodi akalephera kulipira lendi, abwerera kukasindikiza makadi a ukwati popanda kudandaula. Mlamuyo anati mpando ausunga mpaka mwezi uno utatha, kenako alemba munthu wina. Pa miyezi yonseyi Wamapu ankangopeza tintchito ting'onoting'ono, uyu akufuna penti ya galimoto, uyo akufuna dzina la chibwenzi chake pa chikwangwani. Ntchito ya namwino inali yoyamba yaikulu, ndipo ankadalira kuti gulu likaiona, maoda enieni ayamba kubwera.

Wamapu anakweza mauthenga m'mwamba mpaka anapeza uthenga woyamba uja.

Mkazi wake anali telala, ndipo makina ake osokera anali m'chipinda chomwecho, pafupi ndi zenera, pakuti m'nyumba imeneyo kuwala kunali kwa wobweretsa ndalama. Anamva kuti mausi ya kompyuta yasiya kugogoda, iyenso anaimitsa makina.

"Mwaona chiyani, kuzizira nkhongono choncho?"

Wamapu anamupatsa foni. "Tawerengani apa. Mokweza."

Mayiyo anawerenga, mawu akutsika kumapeto: "Ndikufuna msewu wochokera kudepoti kukafika kuchipatala chachikulu, masiteji ake onse, basi."

"Mwamva? Basi! Ndiye kuti zathera pomwepo, palibe china. Sichoncho?"

Mkazi wake anayang'ananso foniyo. Anawerenga kachiwiri, koma ulendo uno akudzutsa zala. "Msewu. Masiteji. Basi." Zala zitatu zinaima m'mwamba, ndipo chachitatucho sanachitsitse msanga.

Wamapu ndi namwino akanalankhulana pakamwa, khutu likanamva kuti basi wake ndi uti. Koma foni ilibe khutu, imangokupatsa zilembo zinayi kuti uone wekha chochita nazo.

"Ine munthu akati akufuna diresi, ndimamubwezera mawu ake," anatero mkazi wake. "Manja aatali? Zipi kumbuyo? Inu munangoyankha kuti chabwino. Safunsa anadya phula, bambo."

"Phulalo ndadya kale. Ndiuzeni za madzi omwera."

Mayiyo sanaseke, chifukwa ankadziwa kusiyana kwa msewu ndi basi. Miyezi isanu yogona chipinda chimodzi ndi kompyuta inamuphunzitsa. Msewu umaulumikiza ndi zidutswa zomwe zilipo kale m'gemu, iwe n'kumangokonza kuti zifanane ndi kwanu. Basi ndi nyama ina. Umayamba popanda kanthu: matayala, mazenera, mpando uliwonse, chitseko chotseguka, mawotchi a kutsogolo kwa dalaivala mivi yake ikuyenda, kulira kwa injini pa giya iliyonse. Masabata asanu ndi limodzi, magetsi akakukonda. Ndipo mtengo umene Wamapu anatchula pa msewu unali kale wamanyazi. Mkazi wake, amene ankayeza chilichonse ndi madiresi, anati unali wa madiresi anayi. Namwino ankafuna zonse zikhale zitatha Loweruka la sabata yamawa, tsiku limene bambo ake ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri.

Wamapu anachita mantha, ndipo mantha akewo anali ndi nkhope. M'gulu lija munali munthu wina wodziwa kupanga malole a m'gemu, waluso kuposa iye. Anachedwetsa ntchito ya munthu ndi masabata awiri, munthuyo n'kulemba m'gulu liwu limodzi lokha: wakuba. Pofika madzulo panalibenso womupatsa ntchito. Pano amagulitsa matumba a foni pamphambano. Namwino naye anali m'gulu lomwelo, ndipo analowamo dala pofuna munthu womupangira mphatsoyi.

Tsiku lonse Wamapu analemba mauthenga n'kumafufuta. "Asisi, zikuoneka kuti sitinamvane." Anafufuta, kunamveka ngati akumuimba mlandu. "Asisi, basi ndi mtengo wina." Anafufuta, kunamveka ngati wogulitsa wachinyengo amene amakuuza za matayala utalipira kale njinga.

"Zimenezi si za pafoni," anatero mkazi wake akudula ulusi ndi mano. "Foniyo ndi imene yakuikani m'madzi. Pitani mukaonane nawo. Mukanene zinthu ziwiri: nthawi ndi mtengo. Musakabwere musananene."

Lachisanu masana Wamapu anakwera basi yopita kumene namwino ankakhala. Ulendo wonse ankayang'ana mipando, zogwirira, mabawuti a pazenera, chilichonse akuchiona ngati tsiku la ntchito. Pofika potsikira anali atadana ndi basi zonse za padziko. Koma mawu anali atawakonza bwino, ndipo ankawabwereza chamumtima pokwera masitepe.

Namwino anatsegula chitseko ali m'yunifomu, akuoneka kuti wangofika kumene. Anali mayi wamfupi, wachangu, wolankhula akuchita zina. Pabalaza panali patebulo podzaza mabotolo a mankhwala, ndipo pafupi ndi zenera panakhala bambo ake, bulangete lili m'miyendo ngakhale kunkatentha. Dzanja lawo lamanzere linagona pantchafu ngati la munthu wina.

"Bambo, awa abwera kudzaona laputopu yanga," anatero namwino mokweza. Kenako anamukokera Wamapu kukhonde la kuchipinda, n'kutsegula wodiropu mwakachetechete. Pansi pa madiresi panali katoni, m'katonimo muli chiwongolero cha gemu ndi zopondera zake, zogula kwa munthu, tepi yakuda itakulungidwa pa waya.

"Sakudziwa kanthu," ananong'ona. "Ayendetsa basi pa msewu umenewu zaka makumi atatu ndi chimodzi. Chigwereni sitiroko, safuna kutuluka ngakhale pakhonde. Amangoyang'ana pazenera n'kumatchula basi iliyonse yodutsa kuti yachedwa mphindi zingati. Ndikufuna akhalenso pa chiwongolero, achimwene, ngakhale chabodza."

Apa ndi pomwe panali poyenera kunenera. Wamapu anatsegula pakamwa. "Asisi, pa nkhani ya basi ija..."

"Eya, ndinaiwala kukutumizirani!" Namwino anatulutsa envulopu m'thumba la yunifomu. Munali zithunzi zitatu zakale, zofiirira m'mbali. Pa chimodzi bambo ake anali mnyamata wa tsitsi lambiri, atatsamira basi yobiriwira ya mzere woyera. "Ndi imeneyi. Pali vuto?"

Pali anthu ena amene liwu loti ayi limawakakamira pakhosi ngati fupa la nsomba, ndipo amalolera kufa nalo kusiyana n'kutsokomola pagulu. Wamapu anali mmodzi wa iwo. Anayang'ana katoni ija, anayang'ana maso otopa a namwino.

"Palibe vuto," anatero.

Atabwerera pabalaza, zithunzi zili m'manja, bambo a namwino anaziona. Analoza ndi chibwano kuti abwere nazo pafupi. Mawu awo ankatuluka molemera, mbali imodzi ya pakamwa ikutsalira.

"Akuonetsani mkazi wanga woyamba," anatero, n'kuseka okha. "Kunja kwake sindikukukumbuka bwino. Dalaivala saiona basi yake kunja, mwana wanga. Amaiona bwino ndi amene yawasiya."

Ndiye anayamba kufotokoza zamkati. Giya inali yokulungidwa ndi chubu cha njinga chifukwa mutu wake unasweka chaka choyamba. Wotchi ya liwiro inali ndi mng'alu pagalasi, ndipo muvi wake ukafika pa makumi anayi unkanjenjemera ngati wamva kuzizira. Kagalasi koonera anthu kumbuyo kanali komangirira ndi waya. Chitseko chikamatseguka chinkalira ngati munthu wotsamwa. Analankhula pafupifupi theka la ola, ndipo namwino anaima pakhomo la kukhitchini akumvetsera, chifukwa panatha miyezi asanawamve akulankhula motalika choncho.

Wamapu ankamvetsera, mutu ukuthamanga. Basi yonse sangaimange. Koma angatenge imodzi ya m'gemu yofananako, kuipenta yobiriwira kunja, n'kugwetsa malo a dalaivala okha kuti awamange mwatsopano. Masiku asanu ndi atatu. Mwina. Ngati sadwala, ngati magetsi sathima, ngati kompyuta siifa.

Atafika kunyumba mkazi wake sanadikire kuti avule nsapato.

"Mwanena?"

"Ndapeza njira ina yachidule."

"Ndafunsa ngati mwanena mtengo."

"Sindinapeze mpata."

"Mpatawo anaubisa kuti, m'wodiropu?" Mayiyo anaponda makina ake mwamphamvu moti singano inathyoka.

Sabata imeneyo Wamapu sanaione. Ankadzuka kusanache, kukhala pampando, n'kudzukapo miyendo itachita dzanzi. Anthu awiri anabwera ndi tintchito ta penti tija, tomwe tinkagula magetsi, ndipo onse anawabweza. Anajambula chubu cha njinga n'kuchikulunga pa giya ya m'gemu mzere ndi mzere. Mng'alu wa pawotchi unamudyera tsiku lathunthu, chifukwa unkaoneka ngati tsitsi lagwera pagalasi. Kulira kwa chitseko anakupeza pa pampu yakale ya njinga ya aneba, ataitseka pakamwa ndi chala, ndipo aneba anamubwereka pampuyo akumuyang'ana ngati munthu woyenera kupemphereredwa. Kompyuta inkatentha mpaka kununkha fumbi lopsa. Anaikweza pa njerwa ziwiri n'kuilozetsa fani, iye n'kumakhala thukuta kamukamu.

Lachitatu anayesa kuyendetsa ulendo wonse. Anachoka kudepoti bwinobwino, anadutsa msika, anadutsa sukulu. Atafika pamlatho, basi inangomira mumsewu ngati mwala m'chitsime, n'kumagwa, kumagwa m'malo opanda kanthu, anthu ake ali phee pamipando. Anayesanso. Inagwanso. Basi yatsopanoyo inali yosiyana penapake ndi imene ankayesera kale, ndipo sankadziwa kuti ndi pati. Ankaona m'maganizo mkulu uja ali pa chiwongolero, abale onse atazungulira, basi ikumira pamlatho, ndipo namwino akutulutsa foni.

Ali mkati mosaka vutolo, Lachinayi masana, mlamu wake anaimba.

"Alamu, muli moyo? Kuno kwabwera munthu ndi mapepala ake, wodziwa makina onse. Ndimuuze chiyani?"

"Mundidikire mpaka Lolemba, alamu. Chonde."

"Lolemba m'mawa. Mukudziwa kuti ndimakukondani, koma makina sadziwa chibale."

Vutolo analipeza Lachisanu, kanambala kamodzi kolakwika pa matayala a kumbuyo. Anakakonza, anawoloka mlathowo kakhumi, koma mtima sunakhale pansi. Laputopu ya namwino inali yofooka kuposa kompyuta yake, ndipo panalibenso nthawi yoyesera.

Loweruka masana pabalaza paja panadzaza. Panali azichimwene a namwino awiri ndi akazi awo, azakhali, ndi madalaivala akale atatu ovala majekete. Panali keke patebulo, mabotolo a mankhwala atasunthidwira pawindo. Wamapu analumikiza laputopu ku wailesi ya kanema, anamangirira chiwongolero patebulo, anaika zopondera pansi pomwe phazi lakumanja lingafike. Tiyi amene anamupatsa anangomugwira m'manja mpaka anazizira.

Anawasunthira mkulu uja kutsogolo, akung'ung'udza kuti iwo si mwana woti azionera zidole. Kenako chithunzi chinabwera.

Mkuluyo anayang'ana giya yokulungidwa ndi chubu. Anayang'ana mng'alu wa pawotchi, kagalasi ka waya. Anachotsa bulangete m'miyendo, anapukuta dzanja lakumanja pa malaya, n'kuliika pa chiwongolero. Phazi linapeza lokha poponda. Injini inalira, chithunzi chinadodoma kamodzi, kenako basi inatuluka pageti la depoti.

"Ndani akusintha magiya?" anafunsa mkuluyo mwaukali.

"Ikusintha yokha, bambo. Ndinakonza choncho chifukwa cha dzanjalo."

"Mwano," anatero, ndipo madalaivala anzawo anaseka mpaka kutsokomola.

Anadutsa msika. Pa siteji ya pasukulu anaima ndendende pa mzere, chitseko n'kulira kulira kwake kotsamwa kuja. "Sunthirani kumbuyo! Kumbuyo kuli malo!" anakuwa mkuluyo, mawu akumveka bwino kuposa tsiku lija. Azakhali anagwira pakamwa. Mlatho utaonekera, Wamapu anatseka maso, ndipo anawatsegula atamva mmodzi wa madalaivala akunena kuti mtengo wopendekera uja ulipo ndithu. Basi inali kutsidya. Muvi unafika pa makumi anayi n'kuyamba kunjenjemera, ndipo misozi inatsika mbali zonse ziwiri za nkhope ya mkuluyo, yamoyo ndi yakufa yomwe. Atafika pachipatala anaimitsa, anapuma, n'kunena osatembenuka: "Yambitsaninso."

Namwino anajambula zonsezi pafoni. Potsanzikana anamugwira Wamapu manja onse awiri. Wamapu anatsika masitepe, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku asanu ndi anayi anamva njala.

Foni inayamba kunjenjemera asanafike kunyumba. Namwino anali ataika kanema uja m'gulu, ndi mawu pansi pake: "Onani zimene Wamapu wawachitira bambo anga! Msewu wonse, masiteji, ndi basi yomwe, ndipo mtengo wake simungakhulupirire." Ndipo anaulemba mtengowo, manambala ake onse, ndi mtima woyera wa munthu wofuna kuthandiza mnzake.

Pofika Lamulungu m'mawa maoda anali makumi awiri ndi atatu. Wina ankafuna msewu wa kwa agogo ake ndi lole ya malume ake. Wina ankafuna tauni yonse. Wina anati iye safuna zambiri, msewu ndi basi ziwiri zokha. Aliyense ankamaliza ndi mawu ofanana: mtengo womwe uja wa anamwino. Miyezi isanu Wamapu ankalota tsiku lotere, foni ikulira osaleka. Tsopano linafika, ndipo ankaiyang'ana foniyo ili patebulo ngati mphika wowira wopanda chogwirira.

Mkazi wake anakhala pambali pake, tepi yoyezera ili m'khosi. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinamuopsa kwambiri mwamunayo.

"Walira mvula walira matope," anatero. "Masabata asanu ndi atatu, madiresi anayi. Ine madiresi anayi ndi sabata imodzi, bambo. Mukavomera onsewa, mukhala pampandopo zaka zitatu ndi theka, ndipo lendi ndizilipirabe ine. Mukufuna ntchitoyi ikhale ntchito? Auzeni mtengo weniweni."

"Athawa."

"Akathawa mudziwa. Panopa simukudziwa, mukungoopa."

Wamapu anatenga pepala, anaika masabata ake, magetsi, intaneti, n'kupeza nambala. Inali mtengo uja kuwirikiza kasanu ndi kawiri. Anaichepetsa. Mkazi wake anamulanda cholembera n'kuibwezera pomwe inali. Wamapu analemba uthenga waulemu wofotokoza kuti mtengo wa anamwino unali wolakwika, kuti basi payokha ndi ntchito ya mwezi ndi theka. Chala chinaima pamwamba pa batani nthawi yaitali, kenako anatumiza kwa onse makumi awiri ndi atatu.

Woyamba anayankha ndi tinkhope toseka tokhatokha. Wachiwiri anati, "Akulu, ndalama imeneyo ndigula kompyuta yatsopano." Wachitatu anamukumbutsa mwaulemu kuti pa intaneti pali mamodi aulere ambirimbiri, ndipo sananame. Wina anajambula uthengawo n'kuuika m'gulu: "Kutchuka tsiku limodzi, munthu wayamba kale kudzimva." Mayi wina wachifundo anati angawonjezereko pang'ono, ndipo pang'ono pakepo panali diresi limodzi. Ambiri anangowerenga osayankha. Wamapu ankatsegula foni, kutseka, kutsegulanso. Pofika masana panalibe ndi mmodzi yemwe wotsala.

Kenako namwino anaimba.

"Achimwene, zimene ndikuwerengazi ndi zoona? Basi sinali pa mtengo uja?"

Wamapu anafotokoza za liwu lija, akuchita chibwibwi.

"Mayo ine. Nanga bwanji simunanene? Munaima m'nyumba mwanga, ndinakufunsani ngati pali vuto! Ndikanawauza achimwene anga, tikanasonkherana. Basiyo ikanabwera ngakhale pakatha miyezi iwiri, bambo sakupita kulikonse. Ndiye mwandisiya ndilengeze mtengo wabodza pagulu ngati ndakudyerani masuku pamutu?"

"Pepani, asisi."

"Pepani wa chiyani? Ine ndi amene ndikuchita manyazi."

Namwino analembadi m'gulu kufotokoza zonse, kuti panali kusamvana, kuti munthuyu anagwira ntchito yaulere. Anthu anaseka nkhani ya basi ndi basi mpaka ena anayamba kupeka nthabwala zawo. Koma palibe anabwerera. Pamsika mtengo umene anthu amaugwira ndi woyamba kuumva, winawo amauyesa wakuba.

Dzuwa lisanalowe Wamapu anaimbira mlamu wake n'kufunsa nthawi yofikira. Mkazi wake anamva ali kukhitchini. Sananene kuti ndinakuuzani. Anabwera n'kutulutsa malaya oyera a kuntchito m'sutikesi, nawayanika pampando kuti fungo la m'katimo lichoke.

Lolemba m'mawa Wamapu akusita malayawo, foni inalira. Nambala inali ya namwino, ndipo Wamapu anazengereza asanayankhe. Koma mawu anali olemera, otsalira mbali imodzi.

"Ndi inu amisiri? Ndamubera foni mwana wangayu, ali kubafa."

"Ndine, bambo. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka kalekale, ndapanga kale maulendo anayi. Tamverani. Msewu wanu ndi wabwino, sindikunyoza. Koma masiteji munaika mbali imodzi yokha. Ndikafika pachipatala gemu imatha, n'kundibwezera kudepoti ngati katundu. Basi siyenda choncho, mwana wanga. Anthu amene wawapititsa uyenera kukawatenga. Ndikufuna ulendo wobwerera. Mundiuze mtengo wake weniweni, ndamva kuti mumaopa kutchula. Ndili ndi kapenshoni kanga."

Wamapu anaimika simbi. Anayang'ana kompyuta ili pa njerwa zake, yozima. Masiteji khumi ndi anayi a tsidya linalo, malo otembenukira, nthawi zake: masabata atatu. Nambala ankaidziwa, inali pa lilime. Ankadziwanso kukula kwa penshoni ya dalaivala, ndiponso kuti kushopu amatseka dzuwa litalowa, Loweruka lomwe.

"Bambo, ndayamba ntchito ina lero. Sindikhalanso ndi nthawi."

Kumbuyo kunkamveka injini ya gemu ikulira chapansipansi.

"Ntchito ndi ntchito," anatero mkuluyo pamapeto pake. "Musachedwe tsiku loyamba. Ine ndizingowasiya kuchipatala konko."